Galimoto imene anthu anaikana mu 1971, lero akuitcha mfumu

Mu June 2014, mumzinda wa Seattle ku America, kampani ya okushoni ya Mecum inagulitsa Plymouth Hemi 'Cuda ya 1971, ya denga lansalu lopinda, pa mtengo wa madola 3.5 miliyoni. Chiyambire pamenepo, olemba za magalimoto akale akamaitchula amayamba avula chipewa. Mukawafunsa kuti pakati pa Hemi 'Cuda ndi Chevrolet Chevelle SS 454 LS6 ya 1970 yopambana ndi iti, sachedwa kuyankha: taonani mitengo yake. Chevelle ya denga lachitsulo, ngakhale isamalidwe chotani, siyandikira n'komwe ndalama zimenezo. Kwa iwo mlandu watha.

Ine ndikuti mlandu sunathe, ndipo woweruza amene amusankhayo si woyenera. Nyundo ya ku okushoni siyesa liwiro, siyesa luso la amene anapanga injini, siyesanso ntchito imene galimoto inagwira pa moyo wa anthu. Imayesa kusowa kwa chinthu. Ndipo galimoto ya m'fakitale imasowa pa chifukwa chimodzi chachikulu: pamene inali yatsopano, ogula anaiyang'ana n'kuipitirira. Pa magalimoto awiriwa, imene inachita zomwe magalimoto a mtundu umenewu anapangidwira ndi Chevelle. 'Cuda ya mamiliyoniyo yalemera chifukwa inagwa pamsika.

Wina anganene kuti ife oyenda pa minibasi ndi pa kabaza zikutikhudza bwanji. N'zoona, palibe mwa ife amene adzagule iliyonse mwa ziwirizi. Koma timazidziwa. Chevelle ya 1970 tinaiona mu John Wick ndi m'mafilimu a Fast & Furious, ndipo timakangana za magalimoto amenewa ku hositelo ngati tinakwerapo. Chachikulu n'chakuti chizolowezi chowerenga mtengo ngati chigamulo cha ubwino sichithera pa magalimoto. Chimatitsatira pa mabuku, pa zojambula, pa foni, ngakhale pa digiri imene tikuvutikirayi. Magalimoto awiriwa ndi poyesera pabwino chifukwa manambala ake ali poyera, aliyense atha kuwaona.

Tiyambe ndi funso loti muscle car n'chiyani, popeza sitingaweruze mpikisano tisanadziwe malamulo ake. Nkhani imayambira ku Pontiac mu 1964. Nthawi imeneyo General Motors inali ndi lamulo loletsa kuika injini zikuluzikulu m'magalimoto apakatikati. John DeLorean ndi anzake analizemba lamulolo: anatenga injini ya malita 6.4 ya m'magalimoto akuluakulu n'kuiika mu Tempest ngati chowonjezera chimene wogula angasankhe, n'kuitcha GTO. Akuluakulu a kampani ankayembekeza kugulitsa 5,000, koma chaka choyamba zinapita zoposa 32,000. Mu 1968 Plymouth inatengera nzeru yomweyo patali ndi Road Runner, galimoto yopanda zokongoletsa, ya mtengo wosafika madola 3,000.

Choncho tanthauzo lake ndi losavuta: thupi la galimoto wamba, injini yaikulu, mtengo woti mnyamata wogwira ntchito m'fakitale kapena m'galaja angaufikire akadzimana. Liwiro limene kale linali la anthu a Ferrari ndi Jaguar linatsikira kwa mwana wa munthu wamba. Muscle car ikachoka m'manja mwa anthu ambiri, yataya chifukwa chake chokhalira. Gwiritsani mfundo imeneyi, chifukwa ndi pamene pagona mkangano wonse.

Tsopano manambala. Mu 1970 General Motors inachotsa malire a kukula kwa injini m'magalimoto apakatikati, ndipo Chevrolet inaika mu Chevelle injini ya V8 ya 454, kutanthauza malita 7.4. Kuti mumve kukula kwake, Probox imene mumaiona m'tauni ili ndi malita 1.5, ndiye injini imodziyi ikufanana ndi ma Probox pafupifupi asanu. Silinda imodzi yokha mwa 8 ija ikuyandikira injini yonse ya Vitz ya lita imodzi. Mtundu wamphamvu wa injiniyi, wotchedwa LS6, kampani inaulembera 450 horsepower ndi mphamvu yokankha ya 678 Nm. Kabureta inali imodzi, ya Holley. Pa boneti, kufupi ndi galasi lakutsogolo, ambiri ankasankha kachitseko kotseguka kokha dalaivala akaponda mafuta mpaka pansi, kuti injini ikoke mpweya wozizira.

Hemi 'Cuda inali ndi injini ya 426, malita 7.0, yolembedwa 425 horsepower ndi 664 Nm, ya makabureta awiri a Carter. Dzina loti Hemi likuchokera ku kapangidwe ka malo oyakira mafuta pamwamba pa pisitoni, omwe ndi obulungira ngati theka la mpira. Kapangidwe kameneka kamalola mavavu akuluakulu oyang'anizana, ndiye injini imapuma bwino ikamazungulira mothamanga. Chokokera mpweya chinkatulukira pa boneti n'kumanjenjemera pamodzi ndi injini, n'chifukwa chake ankachitcha Shaker. Kukula ndi kulemera kwa injiniyi kunaipatsa dzina loti njovu.

Manambala amenewa musawameze osatafuna. Nthawi imeneyo makampani ankayesa injini ili payokha, yopanda zipangizo zimene zimaidya mphamvu ikakhala m'galimoto. Mu 1971 Chrysler inalembanso nambala ya injini ili ndi zonse, ndipo Hemi inatsika kufika pa 350. Muyeso wodalirika ndi umene achinyamata a nthawiyo ankagwiritsa ntchito: kuthamanga mamita 402 kuyambira poima. Magazini a magalimoto a 1970 atayesa, onse awiri ankamaliza pakati pa masekondi 13 ndi 14. Kusiyana kwake kunkadalira dalaivala, matayala, magiya akumbuyo ndi makaniko amene anakonza kabureta m'mawa umenewo. Pa liwiro, magalimoto awa ndi mapasa. Amene akukuuzani kuti ina inkaisiya inzake kutali akukugulitsani nthano.

Kunja kwa bwalo la mpikisano, pamsewu wa tsiku ndi tsiku, Chevelle inali ndi zoiyenereza. Mphamvu yake yokankha inkafika pachimake injini ikuzungulira ka 3,600 pa mphindi, pamene Hemi inkadikira 4,000, ndipo pa maloboti a m'tauni kusiyana kumeneko kumamveka. Chevelle SS inkabwera ndi mabuleki a disiki kutsogolo popanda kulipira padera. Kumbuyo munkakwana anthu akuluakulu, buti yake inkanyamula katundu wa banja. Hemi inali injini ya mpikisano yovekedwa malaya a pamsewu: makabureta awiri ofuna kuyanjanitsidwa pafupipafupi, mapulagi osachedwa kuda mukamayenda pang'onopang'ono. Ogula a Plymouth enieniwo ankadziwa zimenezi. Ambiri ofuna liwiro ankatenga injini ya 440 ya makabureta atatu, ya 390 horsepower, imene inali yotsika mtengo kwambiri koma pamsewu sinkasiyidwa.

Mtengo ndi umene unagamula. 'Cuda ya 1970 inkayambira pa madola opitirira pang'ono 3,100, ndipo kusankha Hemi kunkawonjezera madola pafupifupi 870, kuposa gawo limodzi mwa magawo anayi a mtengo wa galimoto yonse. Iyi ndi nthawi imene malipiro otsikitsitsa ku America anali dola 1.60 pa ola. Pamwamba pa apo makampani a inshuwalansi anali atayamba kulipiritsa achinyamata ndalama zoopsa pa magalimoto a injini zotere. Zotsatira zake zikuoneka m'mabuku a fakitale. Mu 1970 Chevrolet inagulitsa LS6 zokwana 4,475, kuphatikizapo za mu El Camino. Hemi 'Cuda za chaka chomwecho sizinafike 700. Mu 1971 zinangopitirira pang'ono 100, ndipo za denga lopinda sizinadutse 12 padziko lonse. Chaka chimenecho chitatha, Chrysler inasiya kuika Hemi ya 426 m'magalimoto a pamsewu.

Taganizani bwino za ya denga lopindayo, chifukwa ndi imene yavala chisoti chachifumu. Thupi la 'Cuda linalibe felemu yapadera ngati Chevelle. Kulimba kwake kunkadalira thupi lenilenilo, denga likuthandiza. Mukachotsa denga muyenera kuwonjezera zitsulo pansi, galimoto imalemera, komabe imapindika kuposa ya denga lachitsulo. Mnyamata wofuna liwiro sakanalipira ndalama zambiri kuti apeze galimoto yolemera ndi yofooka. Munthu wofuna kuyenda mphepo ikumuwomba sakanasankha injini yovuta ngati Hemi. Galimotoyi inagwera pakati, yosakondweretsa uyu kapena uyo. Ndiye kuti pa Hemi 'Cuda zonse, imene ili yochedwa kwambiri ndi imene lero ili yodula kwambiri. Ngati mtengo ukanakhala kuti ukutsata liwiro, zinthu zikanakhala mosemphana.

Zimenezi si zachilendo kwa aliyense amene anakhalapo m'kalasi ya mbiri ya maganizo. Mu 1776 Adam Smith anadabwa kuti madzi, amene popanda iwo palibe moyo, sagula kanthu, pamene diamondi wopanda ntchito yeniyeni amagula zambiri. Mu 1899 Thorstein Veblen anafotokoza za anthu olemera amene amagula chinthu kuti ena aone kuti angathe kugula. Kwa munthu wotere kudula si vuto la katunduyo, ndi ubwino wake. 'Cuda ya madola 3.5 miliyoni ikanatsika kufika pa 50,000, iye sakanaifunanso, ngakhale injini ikanakhala yomweyo.

Pali chifukwa china chimene 'Cuda imaposera Chevelle ku okushoni, ndipo sichikhudza chitsulo n'komwe. Ndi mapepala. Chrysler inkalemba mtundu wa injini mu nambala ya galimoto yeniyeniyo: chilembo chachisanu chikakhala R, ndiye kuti inatuluka m'fakitale ndi Hemi. Pafupi ndi injini panalinso kachitsulo kolembapo zonse zimene wogula anasankha. Chevrolet mu 1970 sinkachita zimenezo. Nambala ya Chevelle siikuuzani ngati inali LS6 kapena Malibu wamba. Umboni wake ndi kapepala ka m'fakitale kamene ogwira ntchito ankakasiya pansi pa mpando, kuseri kwa chitseko kapena pamwamba pa thanki ya mafuta. Kapepalako kakaola kapena makoswe akakadya, mtengo wa galimoto umagwa. Ndipo popeza n'kosavuta kutenga Malibu n'kuiveka zizindikiro za SS, okonda magalimotowa amaseka kuti LS6 zilipo zambiri lero kuposa zimene fakitale inapanga.

Apa ndi pamene chinyengo cha mawu oti "yopambana" chimaonekera. Tengani Chevelle ziwiri zofanana mpaka bawuti yomaliza, zothamanga chimodzimodzi. Ina ili ndi kapepala kachikasu ka mu 1970, ina ilibe. Yoyambayo idzagulidwa mowirikiza. Wogula sakulipira galimoto, akulipira umboni. Ife ophunzira mbiri timalemekeza zolembedwa zakale, koma timadziwanso kuti chimene chinapulumuka m'nkhokwe si ndiye chimene chinali chofunika kwambiri. Nthawi zambiri chinangochita mwayi. Kuti Chrysler inali ndi kalembera wosamala kuposa Chevrolet si umboni woti inali ndi mainjiniya abwino kuposa.

Onjezerani wailesi ya kanema. Kuyambira 1996 mpaka 2001, Don Johnson ankayendetsa 'Cuda yachikasu ya denga lopinda, yooneka ngati ya 1971, m'sewero la Nash Bridges. Mamiliyoni a anthu anaiona mlungu ndi mlungu m'misewu ya San Francisco. Ana a zaka za m'ma 1950, amene mu 1970 ankangosirira pa zenera la sitolo, anali atafika msinkhu wokhala ndi ndalama. Anayamba kugula unyamata wawo, ndipo mitengo inakwera nawo. Palibe cholakwika ndi munthu kulakalaka zakale zake. Cholakwika n'kutenga chilakolako cha gulu limodzi la anthu olemera a dziko limodzi n'kuchitcha chigamulo cha mbiri.

Ngati mukukayika kuti mtengo ndi mphepo chabe, nayi nkhani ya Chevelle yomwe. Ray Allen anapambana mipikisano ya NHRA mu 1970 ndi Chevelle LS6 ya denga lopinda, galimoto ya mbiri yeniyeni ya pabwalo. Mu 2006, msika uli pamoto, inagulitsidwa ku okushoni ya Barrett-Jackson pa madola opitirira miliyoni imodzi. Mu 2009, chuma cha America chitagwa, galimoto yomweyo inagulitsidwa pa madola osafika 300,000. M'zaka zitatuzo injini sinachepe, mipikisano imene inapambana sinafufutidwe. Chinasintha ndi matumba a ogula. Muyeso umene umapatsa chinthu chimodzi manambala awiri otalikirana chotere m'zaka zitatu, mungaudalire bwanji kuti ukuuzeni galimoto yabwino? Ife a ku Malawi sitifunika kuphunzitsidwa zimenezi. Mlimi wa fodya amadziwa kuti belo lomwelo, la tsamba lomwelo, limagulidwa mosiyana ku okushoni malinga ndi amene wabwera ndi ndalama chaka chimenecho.

Oteteza 'Cuda ali ndi mayankho, ndipo ena ndi olemera. Loyamba ndi mbiri ya injini. Hemi ya 426 inaonekera koyamba pa mpikisano wa Daytona 500 mu February 1964, Richard Petty n'kupambana, magalimoto a Plymouth n'kutenga malo atatu oyamba. Inaopsa mpaka NASCAR inaitsekera kunja mu 1965, ndipo kuti ibwerere Chrysler inayamba kuigulitsa kwa anthu wamba mu 1966. Mpaka lero injini za magalimoto othamanga kwambiri a Top Fuel zimatsata kapangidwe kake. LS6 ilibe mbiri yotero. Inakhala mu Chevelle chaka chimodzi chokha. Zonsezi ndikuvomereza. Ngati funso ndi loti injini yofunika kwambiri m'mbiri ndi iti, Hemi yapambana.

Koma yankho limeneli likuwombera mwini wake. Injini yomweyo inaikidwanso mu Belvedere, mu Coronet, mu Road Runner, mu Charger. Road Runner ya Hemi, ya denga lachitsulo, imagulitsidwa pa kagawo kochepa ka mtengo wa 'Cuda ya denga lopinda. Ngakhale Hemi 'Cuda ya denga lachitsulo ya 1970 nthawi zambiri mtengo wake umakhala m'madola masauzande mazana angapo, osati mamiliyoni. Ndiye mamiliyoni otsalawo akulipira chiyani? Si Daytona, si Petty, si mavavu. Akulipira nambala 12.

Yankho lachiwiri ndi loti osonkhanitsa magalimoto ndi amene anawapulumutsa. Mafuta atakwera mtengo kumapeto kwa 1973, magalimoto omwa petulo ngati awa anasanduka katundu wotaya, ndipo ambiri anathera kogulitsa zitsulo. Popanda anthu okonda kusunga, akutero, sitikanakhala ndi choonera. Pali choonadi pamenepa. Koma funsani kuti anasunga chiyani. Galimoto ya mamiliyoni siyendanso. Kilomita iliyonse yowonjezereka imadya mtengo wake, ndipo injini yoyambirira ikaphulika, chuma chapita. Imakhala m'chipinda choziziritsidwa, imapita ku chionetsero itanyamulidwa m'ngolo yotseka. Chinthu chimene chinapangidwira phokoso, utsi wa matayala ndi mpikisano wa Loweruka usiku chasanduka ndalama yosungidwa ku banki. Thupi lasungidwa, moyo wachoka. Chevelle, chifukwa zilipo zambiri ndipo zipangizo zake zimapezeka, zikuyendabe, zikukonzedwabe m'magalaja a kuseri kwa nyumba ndi anthu a manja akuda ndi girizi. Ngati tikunena za kusunga chikhalidwe, amene akusunga ndi awa.

Yankho lachitatu ndi kukongola, ndipo apa sindilimbana ndi munthu. 'Cuda ya 1971, yaifupi ndi yotambalala, ya nyali zinayi ndi timipata tonga makha a nsomba m'mbali, ya penti yowala ngati chitenje cha pa ukwati, imakopa maso. Ena amakonda mapewa otakata a Chevelle ndi mizere iwiri ya pa boneti. Diso ndi la mwini. Koma 'Cuda ya injini ya 340 kapena 383 ili ndi thupi lomwelo, kukongola komweko, ndipo siifika pa mamiliyoni. Kukongola nakonso sikukufotokoza mtengo.

Chimene chimandipweteka kwambiri m'nkhani ya mitengoyi ndi anthu amene imawafufuta. Hemi 'Cuda inkapangidwa ku fakitale ya Dodge Main ku Hamtramck, katauni kozunguliridwa ndi mzinda wa Detroit. Ogwira ntchito ambiri kumeneko anali anthu akuda, ndipo ndi iwo amene ankapatsidwa ntchito zotentha ndi zoopsa kwambiri. Mu May 1968, mabwana atawonjezera liwiro la lamba wa ntchito, ogwira ntchito ananyanyala osadikira chilolezo cha bungwe lawo, ndipo m'kunyanyala kumeneko munabadwa gulu la Dodge Revolutionary Union Movement, mmodzi mwa atsogoleri ake ali General Baker. Patangopita zaka ziwiri kapena zitatu, manja a m'fakitale yomweyo ndi amene ankamanga 'Cuda. Ku General Motors nako ogwira ntchito ananyanyala masiku 67 kumapeto kwa 1970. Dodge Main inatsekedwa mu 1980 n'kugwetsedwa. Dzina la Plymouth linafa mu 2001.

Ndipo taonani kugwirizana kwa masiku. Mu July 2013 mzinda wa Detroit unalengeza kuti walephera kubweza ngongole zake, kugwa kwakukulu kwa mzinda m'mbiri ya America. Pamene nyundo inkagunda ku Seattle mu June 2014, nkhani ya Detroit inali ikadali kukhoti, ndipo opuma ntchito a mzindawo ankadikira kumva kuti penshoni yawo idulidwa ndi zingati. Ku okushoni amawerenga mtundu wa penti, nambala ya giyabokosi, tsiku limene galimoto inatuluka m'fakitale. Za amene anaimanga palibe. Kapepala ka pansi pa mpando kali ndi mtengo, dzanja limene linakasiya pamenepo lilibe.

Sindikunena kuti Chevelle ndi woyera mtima. Nayonso sinali ya mmphawi, ndipo lero LS6 ya mapepala okwanira yalowa m'msika womwewo. Za denga lopinda, zomwe n'zosowa, zimadula mowirikiza pa chifukwa chomwe chija. Onse awiri ankamwa petulo wa mtovu, wa masenti 36 pa galoni, n'kumalavulira poizoni m'mpweya. Onse ankathamanga kuposa mmene matayala ndi mabuleki a nthawiyo akanathera kuwagwira, m'zaka zimene anthu opitirira 50,000 ankafa pa misewu ya America chaka chilichonse. Lamulo la mpweya wabwino la 1970 limene linathandiza kuwathetsa silinali chiwembu, linali nzeru. Ndipo pa liwiro lokha, nthawi inawapitirira kalekale: Dodge Challenger Demon ya 2018 inamaliza mamita 402 aja m'masekondi 9.65. Amene akufuna liwiro lokha alibe chifukwa choyang'ana ku 1970.

Chotsala, ndiye, ndi tanthauzo. Timayang'ana magalimoto awa chifukwa akutiuza za nthawi inayake ndi anthu ake: dziko la mafuta otchipa, malipiro a m'fakitale okwanira kugula galimoto yatsopano, achinyamata ochuluka, makampani opikisana mopanda mantha kapena manyazi. Funso loyenera ndi loti galimoto iti ikuiuza bwino nkhani imeneyo. Galimoto imene anthu 12 okha anagula singakhale mboni ya m'badwo. Ndi chodabwitsa cha m'mphepete, ngati sitampa yosindikizidwa molakwika imene osonkhanitsa amaikanganirana. Chevelle inali galimoto ya m'misewu yonse ya America, ya aphunzitsi, ya amayi opita kumsika, ya mabanja. LS6 inali thupi lomwelo litapatsidwa injini yolembedwa mphamvu zambiri kuposa ina iliyonse ya m'gulu lake chaka chimenecho, ndipo anthu zikwi zinayi ndi theka anaigula n'kuiyendetsa mpaka kuitha. Imeneyo ndiyo nzeru ya GTO ya 1964 itafika pachimake, chaka chimodzi isanayambe kuzima.

Chigamulo changa n'chotere. Pa liwiro ndi ofanana. Pa mbiri ya injini, Hemi. Pa ntchito imene muscle car inabadwira, Chevelle, ndipo mosakayika. Pa mtengo wa ku okushoni, 'Cuda, koma umenewo ndi mpikisano wa olemera okhaokha, umene galimoto imangokhala chikho chopikisanirana. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mukatsegula madola 3.5 miliyoni aja simupezamo liwiro lowonjezera. Mupezamo ogula amene anakana, chilembo R, sewero la pa kanema ndi anthu ochepa ofuna chinthu chimene mnzawo alibe.

Choncho anzanga, wina akadzakuonetsani mtengo ngati umboni wa ubwino, kaya ndi wa galimoto, wa chithunzi kapena wa sukulu imene munthu anaphunzira, mufunseni mafunso atatu. Chinthuchi chinapangidwira ntchito yanji, ndipo chinaigwira? Chikusowa chifukwa chinali chovuta kupanga, kapena chifukwa palibe ankachifuna? Nanga amene anachipanga ndi manja awo, pa ndalama zimenezi alandirapo zingati? Ngati sayankha, sakukuuzani za chinthucho. Akukuuzani za thumba la wogula.